Duku Lofiira la Agogo

Ife a ku Mzimba si anthu a madzi. Timadziwa ng'ombe, ngolo, fodya ndi chimanga, timadziwanso njira ya ku Joni. Mitsinje yathu pofika Okutobala imasanduka mchenga ndi timadzi tolekeza m'akakolo. Mwana amabadwa, kukula mpaka kumanga banja osaphunzira kusambira, ndipo palibe amadabwa, poti aphunzirira kuti? Nanenso ndinakula choncho, ndipo nkhani ndikufotokozayi ndi ya banja lathu.

Kwathu tinali ndi mwambo. Chaka chilichonse pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, tinkatengera amayi ndi agogo kunyanja. Asibweni, mlongo wawo wa amayi amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ankatumiza ndalama pa Mukuru, ife n'kuwonjezerapo, n'kupanga hayala minibasi. Tinkanyamuka pa boma tambala woyamba atangolira, kudutsa ku Chikangawa chifunga chisanachoke, kumwa tiyi ku Mzuzu, kenako kutsetsereka kulowera ku Nkhata Bay. Ana ankadikirira pa mitengo ya labala ya ku Vizara, pomwe anyamata amagulitsa mipira yodumpha m'mbali mwa msewu. Tikangoiona nyanja ku Chintheche, m'galimoto monse munkati zii pang'ono, kenako nthungululu. Tinkadya batala ndi kondowole, n'kubwerera usiku mchenga uli m'tsitsi.

Agogo nyanja ankaikonda koma sankaikhulupirira. Anali kamtsikana pamene sitima ya Vipya inagubuduzika pa 30 Julaye 1946 chakufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutsikira nayo pansi, ndipo nkhaniyo anakula nayo monga momwe ena amakulira ndi nkhani za afisi. Boti lodzadza ndi anthu ochokera ku mapemphero a Isitala litagubuduzika ku Mlowe, m'boma la Rumphi, mu 2017, anangoti, "Mwamva?" Choncho pagombe panali malamulo awo. Bwato ayi. Madzi asapitirire m'chiuno mwa mwana wamng'ono pa onse. Iwo ankakhala pamchenga ponyowa, miyendo ili m'madzi, duku lawo lofiira kumutu, n'kumawerenga ana mokweza ngati ng'ombe zolowa m'khola. Tinkawaseka mwaulemu, koma tinkawamvera, chifukwa nafenso nyanjayo inkatiopsa. Sungaone tsidya, mafunde amakukankha, ndipo aliyense amadziwa kuti chakumpotoko kuya kwake kumafika mamita 700. Mantha amenewo anatisunga zaka zonse zimene tinkapitako, osavulala ngakhale chala.

Chaka cha 2022 zinthu zinavuta. Kolera inali itabuka ku Nkhata Bay, ndipo mafuta a galimoto ankasowa. Pa malo omwetsera mafuta mizere inkagona pomwepo. Asibweni chaka chimenecho anabwera okha ndi pikapu yawo, atadutsa Zimbabwe ndi Mozambique, ndipo sankafuna kuti tsiku la mlongo wawo ndi mayi awo lidutse chabe. Ndiwo anati, "Nanga ku Luwawa kulibe madzi? M'pafupi, kulibe mafunde, kulibe mwera." Tonse tinavomera mosangalala. Kadamu ka m'nkhalango, ka kwathu konkuno. Tinkakatcha choncho, kadamu.

Lachisanu lake tinalithera pa boma, ndipo tsiku limenelo ndimalikumbukira mokoma mpaka lero. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, nyenje zikulira, akabaza akupukuta thukuta ndi zipewa. Tinagula tomato, anyezi ndi mbatatesi mumsika, nyama ya mbuzi ya kanyenya, makala, Sobo wa ana ndi kireti ya Girini ya akuluakulu. Ana anadya tchipisi pachiwaya, milomo yofiira ndi mafilizesi. Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri, anapempha chubu chakale cha tayala kwa owotcherera matayala pafupi ndi depoti, asibweni n'kumulipirira. Anachivala m'khosi tsiku lonse. Palibe anafunsa kuti chubu chokhala ndi zigamba zinayi chinatayidwiranji.

Loweruka m'mawa tinakwera pikapu, anthu khumi ndi asanu ndi awiri, ana asanu ndi mmodzi. Tinapatuka pa M1 n'kulowa msewu wafumbi wa m'mitengo ya paini. Amene sanafikeko ku Luwawa adziwe kuti malowo ndi okongola zedi. Kumtunda kwa Viphya mphepo imazizira ngakhale pa boma pakutentha, fungo la paini lili ponseponse, ndipo madziwo amangoti phee, mitambo n'kumaonekamo. Agogo anayang'ana, n'kunena kuti, "Awa ndiye madzi aulemu." Anavula duku, n'kuyala chitenje pamthunzi patali ndithu ndi madzi, n'kugona. Aka kanali koyamba kuwaona akugona pa ulendo wotere, ndipo ndinasangalala kuti apumeko.

Mbaula inayaka, sipika inayamba kuimba, bawo linatuluka. Amayi ndi achemwali ankasenda mbatatesi. Ine ndinkajambula zithunzi pafoni zotumiza pa WhatsApp kwa abale a ku Joni, ndikuyendayenda kufuna pamene netiweki ikugwira. Ana ankasewera m'mphepete mwa madzi, pamaso pathu tonse, mtunda woti ukaitana amva.

Chimene chinatidzidzimutsa si kukuwa. Kunalibe kukuwa kulikonse. Kamtsikana ka zaka zinayi kanabwera kwa amayi, n'kukoka chitenje chawo, n'kunena mwachifatse kuti chubu chikupita chokha. Tinacheuka. Chubucho chinali chitaphwa mbali imodzi, chikuyandama patali pang'ono ndi bango, chopanda munthu. Achemwali anaimirira mpeni uli m'manja. "Mwana wali nkhu?" Mawu amenewo anawanena kamodzi kokha, m'Chitumbuka cha kwathu, ndipo sindinawamvepo akulankhula ndi liwu lotero.

Asibweni anathamanga n'kudzigwetsa m'madzi ndi nsapato zomwe, atamwa mabotolo atatu, osadziwa kusambira. Masitepe anayi oyamba madzi anali m'mawondo, lachisanu pansi panasowa. Damu silili ngati gombe la ku Chintheche limene limatsika pang'onopang'ono pamchenga. Ndi chigwa chimene anthu anatseka, ndipo pansi pake pali matope ndi phompho pamene sukuliyembekeza. Madzi ake ozizira amakubanika ukangolowa, n'kukokera mpweya mosafuna, madzi n'kulowa nawo. M'kanthawi kochepa tinali ndi anthu awiri omira m'malo mwa mmodzi, ndipo ine ndinali nditavula kale malaya kuti ndikhale wachitatu.

Anandigwira pamkono ndi bambo wina amene ankawedza ndi mbedza chapafupi, amene sitinam'patse n'komwe moni pofika. "Achimwene, imani pomwepo. Gwirani ichi." Anandipatsa nsungwi yake yaitali, n'kundiuza kuti ndigone chafufumimba pamtunda, ndiwapatse asibweni nsonga yake, ena andigwire miyendo. Iye anataya chigubu chopanda kanthu m'madzi, n'kulowa nacho, n'kumira pafupi ndi bango. Anavuuka wopanda kanthu. Anamiranso. Kachiwiriko anatuluka atagwira mwana kumbuyo kwa kabudula, ife titawakokera kale asibweni kumtunda. Pambuyo pake tinamva kuti bamboyo anakulira ku Usisya, m'mphepete mwa nyanja, ndipo anayamba kupalasa bwato asanayambe sukulu.

Mwanayo anali lende, milomo yotuwa, osapuma. Apa mpamene tikanamupha ndi chikondi chathu. Wina anamugwira miyendo kuti amuzondotse madzi atuluke, wina ankafuna kumufinya pamimba, monga momwe tonse tinamvera kuti amatero. Msuweni wanga, amene nthawi imeneyo ankaphunzira unamwino, anatikankha tonse. "Musiyeni! Mugonekeni chagada!" Anamupendeketsa mutu pang'ono, kutukula chibwano, kumutsina mphuno, n'kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu. Kenako anayamba kudinikiza pakati pa chifuwa, ka 30, kuuzira kawiri, ka 30, kuuzira kawiri, akuwerenga mokweza. Ulendo wachitatu mwana anagwedezeka, n'kusanza madzi ndi Sobo, n'kuyamba kulira. Anamugoneka cham'mbali, n'kumufunditsa chitenje cha agogo.

Msuweniyo anatifotokozera pambuyo pake kuti chimene chimapha womira ndi kusowa mpweya, ndipo ubongo umayamba kuwonongeka pa mphindi zochepa chabe. Nthawi imene mukumuzondotsa ndi kumufinya ndiyo nthawi imene akanauziridwa mpweya, ndipo kufinya pamimba kumangokankhira masanzi kukhosi. Anakananso zoti tidikire kaye poti mwana wadzuka ndipo akulankhula. Madzi akalowa m'mapapo, ngakhale pang'ono, amatha kuyambitsa befu patapita maola. Tinathamangira kuchipatala, kusiya mbaula ikuyaka, bambo uja n'kulonjeza kuti azimitsa, poti moto m'nkhalango ya paini mwezi wa Okutobala ndi tsoka lina. Usiku womwewo, ali pabedi ku chipatala cha boma ku Mzimba, mwanayo anayambadi kutsokomola ndi kupuma mothamanga, ndipo anamuika pa makina a mpweya. Anatuluka patatha masiku atatu.

Masiku atatuwo tinkasinthana pakhonde la chipatala, ndipo mpamene tinawerengetsana. Akuluakulu tinalipo khumi ndi mmodzi. Achemwali ankati ine ndikuona ana, poti ndinali choimirira. Ine ndinkati amayi akuwaona, poti anakhala moyang'ana kumadzi. Amayi ankadalira asibweni, asibweni ankadalira mtsikana wamkulu wa Fomu 2, amene anali atatumidwa kukatenga mchere m'galimoto. Tonse pansi pamtima tinkadalira agogo, amene kwa zaka zonsezo ankagwira okha ntchito imene sitinkaiona ngati ntchito. Timanena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo n'zoona. Koma tsiku limenelo mwana anali wa tonse, ndipo maso a aliyense anali pa china.

Chinthu chimene chimandivutabe ndi chete uja. Ndinkaganiza kuti womira amakuwa, amamenya madzi, amaitana amake, monga timaonera m'mafilimu. Sizitero. Pakamwa pakangovuuka, thupi limathamangira kukoka mpweya, ndipo sipatsala mpweya woitanira munthu. Mikono imakankha madzi pansi, siingakwezeke kuti ikodole. Mwana amaoneka ngati waima m'madzi n'kumayang'ana kumwamba, ndipo mphindi imodzi isanathe amakhala atapita. Zithunzi za m'foni mwanga zili ndi nthawi yake. Pa chithunzi china mnyamatayo ali pachubu akuseka. Pa chotsatira, chimene ndinajambula asibweni akutembenuza nyama, kumbuyo kwawo chubu chili chokha. Ndinali ndikuyang'ana komweko, kudzera pagalasi la foni, ndipo sindinaone kanthu.

Bungwe la WHO limati m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosafika zaka zisanu. Chaka chomwecho United Nations inakhazikitsa 25 Julaye kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kuno kwathu tsiku limenelo limadutsa mwakachetechete, m'nyengo yozizira imene palibe amaganiza zosamba panja. Nthawi yathu yoopsa ndi Okutobala mpaka Khirisimasi, pamene kutentha kumatithamangitsira kumadzi, abale a ku Joni abwera ndi magalimoto, ndipo maphwando amachitikira pagombe. Ndipo si nyanja yokha. Kuyambira ku Jenda mpaka ku Embangweni ndi ku Edingeni kuli madamu omwetsa ng'ombe, zitsime za m'madimba zosavindikira, ndi maenje oumbira njerwa amene mvula yoyamba imawadzaza. Madzi amenewa timawadutsa tsiku ndi tsiku, ana athu amasewera pambali pake, ndipo sitiwaopa chifukwa ndi a kwathu.

Asibweni anabwerera ku Joni sabata yotsatira, osalankhula zambiri. Asananyamuke anapita ku Luwawa ndi mbuzi kukathokoza bambo uja. Iye analandira, koma anawauza mawu amene asibweni anadzatibwerezera: kuti kwawo ku Usisya munthu wosadziwa kusambira sapulumutsa mnzake ndi thupi lake, amapulumutsa ndi nsungwi, chingwe kapena chigubu, ali pamtunda, chifukwa womira amakwera pa aliyense womuyandikira.

Agogo sanadzudzule munthu. Anadzidzudzula okha kuti anagoneranji, ngakhale tonse tinawauza kuti mlandu sunali wawo. Chaka chotsatira, titabwereranso ku Chintheche, anatiitana tonse tisanatsitse katundu. Anavula duku lofiira lija, n'kundimanga pamkono. "Mdzukulu wanga, maso anga atha. Wavala ili sagwira foni, sagwira botolo, sasenda mbatatesi, sacheza. Amakhala pamene madzi akumunyowetsa, n'kumawerenga. Ukatopa um'mange mnzako, ndipo iye ayankhe kuti ndalandira." Chubu cha tayala sichinakwerenso galimoto yathu, m'malo mwake asibweni anatumiza majekete osamira anayi a ana.

Ndinakhala pamchenga ponyowa ola lathunthu, dzuwa likundiwotcha pakhosi, nyimbo ndi fungo la batala zili kumbuyo kwanga. Mnyamata uja anakana kulowa m'madzi m'mawa wonse. Chakumasana msodzi wina amene tinamupempha anamugwira pamimba m'madzi olekeza m'chiuno, n'kumuphunzitsa kugona chagada n'kuyandama. Ine ndinkawerenga mokweza mpaka sikisi, n'kuyambiranso. Ola litakwana ndinamasula duku, n'kuwamanga achemwali pamkono, ndipo sindinachoke mpaka atanena kuti, "Ndalandira."