Zimene malungo amacita m'thupi la mwana wanu

Udzudzu waukazi wa Anopheles ukaluma mwana wanu usiku, umasiya tizilombo ta malungo m'magazi. Tizilomboti timayamba tapita ku ciwindi, n'kuswana mmenemo kwa mlungu umodzi kapena kuposelapo. Nthawi yonseyi mwana amasewela, amadya bwino, inu osadziwa kanthu.

Kenako timalowa m'maselo ofiila a magazi, amene amanyamula okosijeni kucoka ku mapapo kupita m'thupi lonse. Pakapita maola pafupifupi 48, maselowo amaphulika, tizilombo n'kukalowa m'maselo ena. Apa m'pamene thupi limatentha, mwana n'kumanjenjemela. Kutentha kukatsika, musati wacila: tizilombo tangobisala m'maselo atsopano.

Maselo ambili akawonongeka, magazi amacepa. Yang'anani zikhato zake ndi mkati mwa cikope ca m'munsi. Zikayela, m'malo mofiilila, musacedwe.

Panado amangotsitsa kutentha, sapha tizilombo. Pitani naye ku kiliniki tsiku lomwelo akamupime magazi a pa cala. Akakupatsani Coartem, mwana amwe masiku onse 3, ngakhale aoneke bwino pa tsiku laciwili.