Mkonono, kubanika kutulo ndi mantha a masiki: uthenga kwa mabanja a kwa Zulu

M'nyumba zambiri kuno kwa Zulu, m'boma la Mchinji, muli munthu woliza mkonono. Timamugwedeza kuti atembenuke, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo nthawi zambiri mkonono wamba ulibedi vuto lalikulu. Koma ulipo wina wofunika kuutchera khutu. Munthu amaliza mwamphamvu, kenaka zii, chifuwa chikukoka koma mpweya osalowa, mpaka amadzidzimuka ndi phokoso la munthu wotsamwa. Amagonanso, zomwezo n'kubwereza mpaka tambala kulira. Kukacha mwini wake sakumbuka kanthu, kapena amangoti walota wina akumukanyanga pakhosi, mwina walota akumira mu mtsinje wa Bua.

Amenewa ndi matenda. Pachingerezi amawatchula sleep apnea, ife tingoti matenda obanika kutulo, ndipo thandizo lake lilipo.

Chimachitika n'chiyani pakhosi?

Munthu akagona, minofu ya thupi lonse imamasuka, ndi ya kummero yomwe. Kwa ena lilime ndi mnofu wofewa wa kukhosi zimagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya. Mpweya wabwino m'magazi umatsika, mtima umayamba kugunda mwamphamvu, ndipo ubongo umamudzutsa munthuyo pang'ono chabe kuti apume. Madokotala amawerenga kuima kulikonse kofika masekondi 10. Kukamachitika kasanu kapena kuposa pa ola limodzi, matendawa alipo. Kukafika 30 pa ola, ndiye kuti akula. Tangoganizani munthu wodzutsidwa mphindi ziwiri zilizonse usiku wonse, chaka ndi chaka. N'chifukwa chake amadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa, atatuluka kukataya madzi kangapo usiku. Masana amawodzera m'tchalitchi, pamsonkhano wa kumudzi, ngakhale ali pakati posankha fodya. Amakwiya msanga, amaiwalaiwala, ndipo ena chilakolako cha m'banja chimachepa. Anthu amangoti ndi ulesi, pamene munthu akudwala.

Si matenda a azungu kapena a anthu olemera okha. Kafukufuku wina wa mu 2019 anayerekeza kuti padziko lonse anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 ali nawo, ena pang'ono, ena kwambiri. Amakonda anthu onenepa, makamaka a khosi lalikulu, abambo kuposa amayi, ndi amayi amene anasiya kusamba. Koma wochepa thupi nayenso angakhale nawo ngati chibwano chake n'chaching'ono kapena mphuno zimatsekeka kawirikawiri. Mowa, kaya kachasu kaya masese, umawakulitsa chifukwa umalefula minofu ya kukhosi. Fodya ndi mapiritsi ogonetsa nazonso zimatero.

Akalekereredwa amakweza BP, mwina mpaka kusamva mankhwala, ndipo amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, matenda a mtima ndi shuga. Chodetsa nkhawa kwambiri kwathu kuno ndi msewu. Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kudzera pa Kamwendo ndi pa boma mpaka kuchipata cha Mwami umadzaza ndi mathiraki, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Dalaivala wowodzera kwa masekondi atatu okha angaphe anthu amene sanamulakwire. Ngati amuna anu amayendetsa galimoto kapena njinga yamoto ndipo usiku amabanika chonchi, musadikire.

Za maloto okanyangidwa pakhosi

Munthu akalota akutsamwitsidwa usiku ndi usiku, maganizo amathamangira kwa anthu: ndani akundiyendera usiku? Mantha amenewa sitikuwapeputsa, pakuti kubanikako n'koona ndithu, thupi limakhala likusowadi mpweya. Kungoti ubongo wa munthu wogona umatenga zimene thupi likumva n'kuziluka kukhala loto. Khosi likatsekeka, lotolo limabwera ndi dzanja, chingwe kapena madzi. Agogo ambiri m'dziko muno anyozedwa, ena kumenyedwa kumene, chifukwa cha zinthu zimene chipatala chikanatha kufotokoza. Malamulo a dziko lino amaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Musanaloze chala munthu, pemphani wogona naye chipinda chimodzi akumvetsereni usiku umodzi wokha.

Palinso china chosiyana: kudzuka maso ali tseguke koma thupi osatheka kuligwedeza, pachifuwa pakulemera. Izi zimachitika ubongo ukadzuka thupi lisanamasuke ku tulo ta maloto. Zimatha zokha pakapita masekondi kapena mphindi zochepa, sizipha, ndipo zimakonda munthu wosagona mokwanira kapena wogona chagada.

Si kubanika konse kwa usiku kumene kuli matendawa. Wodzuka ndi befu, wolephera kugona osatsamira, miyendo itatupa, akapimitse mtima. Wolira m'chifuwa mbandakucha angakhale ndi mphumu. Wokhosomola, wotuluka thukuta usiku ndi kuwonda akayezetse makhololo, mwina ndi chifuwa chachikulu. Ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July, musagone ndi mbaula yamakala m'nyumba yotseka. Mpweya wa makala sununkha, koma umapha banja lonse lili mtulo.

Zimene mungayambe lero

Gonani cham'mbali, osati chagada. Ena amasokerera chitsononkho cha chimanga kumsana kwa malaya ogonera kuti akatembenukira chagada chiwakumbutse. Kwezani kumutu kwa bedi kapena mphasa pang'ono. Siyani mowa, makamaka wamadzulo, ndipo musamwe mapiritsi ogonetsa ogula pamsika. Ngati thupi lakula, kulichepetsa ngakhale pang'ono kumathandiza: chepetsani shuga, zakumwa zotsekemera, zokazinga ndi mitanda ya nsima yamadzulo. Mphuno zikamatsekeka nthawi zonse, kaonetseni.

Mukamapita kuchipatala mupite awiri, chifukwa wodziwa bwino matendawa ndi amene amagona pambali, osati wodwalayo. Mayi, musachite manyazi kufotokoza zimene mumaona. Ngati muli ndi foni yojambula mawu, jambulani mkononowo pamodzi ndi malo amene kupuma kumaima, mukawamvetsere adokotala. Pemphani akuyezeni BP ndi shuga. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kufupi nanu. Akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Mchinji, ndipo kumeneko angakutumizeni ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mwana naye muzimumvetsera. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse, wogona kukamwa kuli yasa, wobanika, wokodza pogona atakula kale kapena wosakhazikika m'kalasi, kawirikawiri amakhala ndi matonsilo otupa kapena mnofu wokula kuseri kwa mphuno. Opaleshoni ya kuchipatala imathandiza ana ambiri otere. Musalole munthu wina aliyense kumudula kanthu kukhosi kunyumba.

Makina opumira ndi masiki

Matendawa akakula, thandizo lodalirika ndi makina otchedwa CPAP. Anawayambitsa ndi dokotala wa ku Sydney, ku Australia, Colin Sullivan, amene anafalitsa zotsatira zake mu 1981. Ndi kabokosi kamagetsi kopemerera mpweya wamba wa m'chipinda kudzera m'paipi kufika pa masiki ovala pamphuno, kapena pamphuno ndi pakamwa. Mmero wa wodwalayu uli ngati chubu cha njinga: chopanda mpweya chimaphwatalala, mukachipopa chimatseguka. Makinawa sapumira munthu, amangogwira njira kuti isatsekeke. Si okosijeni, ndipo makina a okosijeni sangalowe m'malo mwake.

Kuno makinawa ndi osowa ndiponso odula. Komabe m'mabanja ena alipo, ogulidwa ku Lilongwe, ku Lusaka, kapena otumizidwa ndi ana a ku Joni. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena amawavala masiku ochepa n'kuwabweza m'katoni, ati usiku amalota masikiwo akuwatsamwitsa, amadzuka mtima uli phaphapha akuwazula kumaso.

Ngati ndi inu, dziwani kuti simuli nokha, ndipo masiki ogwira bwino ntchito sangakubanikitseni. Ali ndi timabowo totulutsira mpweya umene mwapuma. Timabowoto si kuwonongeka ayi. Musatimate ndi selotepi kapena kutifunditsa bulangeti. Masiki ophimba mphuno ndi pakamwa amakhala ndi kachitseko kamene kamatseguka kokha makina akazima, kuti mupume mpweya wa m'chipinda, ndipo muzionetsetsa kuti kakuyenda bwino. Ndi masiki a pamphuno pokha mumangotsegula pakamwa. Choncho magetsi akazima pakati pa usiku mudzangodzuka. Vulani masiki, mugone cham'mbali. Amene ali ndi sola afunse wogulitsa makinawo za batire yokwanira usiku wonse.

Nanga malotowo amachokera kuti? Zifukwa zake n'zingapo, ndipo pafupifupi zonse zimakonzeka. Munthu amene wakhala zaka akudzutsidwadzutsidwa amakhala ndi ngongole ya tulo ta maloto. Akayamba kugona bwino, ubongo umabweza ngongoleyo, ndipo masiku kapena masabata oyambirira maloto amachuluka n'kumaoneka ngati zenizeni. Zimenezi zimazirala zokha, ndipo kwa ambiri amene apirira, maloto oopsa amachepa kuposa kale.

Koma ngati mwezi watha mukulotabe mukubanika, makinawo afunika kuunikidwa. Mwina mphamvu ya mpweya ndi yochepa moti khosi likutsekekabe. Mwina ndi yochuluka moti kutulutsa mpweya kukuvuta. Mwina masiki akutayitsa mpweya m'mbali, kapena mumavala a pamphuno pamene mphuno zatsekeka ndi chimfine. Apa mpamene pali vuto la makina otumizidwa ndi abale: anatcheredwa kuti agwirizane ndi khosi la munthu wina. Musamasinthe nokha mphamvu yake mongoyerekeza, ndipo musabwerekane. Atengeni pamodzi ndi masiki ake kwa dokotala wodziwa kuwatchera.

Mantha enieniwo amatha ndi kuzolowera pang'onopang'ono. Yambani masana. Gwirani masiki pamaso ndi dzanja, osamanga malamba, mukumvera wayilesi. Mawa lake mangani malamba, tsiku lina yatsani makina mutakhala tsonga kwa mphindi 15 kapena 20, kenaka yesani pa tulo ta masana. Phunzirani kuwamasula mutatsinzina mpaka dzanja lizidziwa lokha, pakuti munthu wodziwa kuti angavule nthawi ina iliyonse sachedwa kukhazikika mtima. Makina ambiri ali ndi batani loyambitsa mpweya pang'ono n'kumakwera mukagona. Koma ngati poyambapo mukumva kuti mpweya ukuchepa, uzani adokotala akweze poyambira. Musamange malamba mothina kwambiri. Tsukani masiki ndi sopo wosanunkhira ndi madzi ofunda, muyanike pamthunzi, ndipo sefa ya makina muziyiona kawirikawiri m'nyengo ya fumbi.

Mukadzidzimuka usiku, khalani tsonga, vulani masiki, yatsani tochi, pumani modekha mpaka mtima ukhale m'malo, kenaka valaninso. Inu ogona pambali, musawakalipire kuti akuwononga ndalama za ana. Agwireni dzanja, muwakumbutse kuti ali kunyumba. Amene anapulumukapo ngozi, kumira m'madzi, kapena kuchitidwa nkhanza, masiki angawakumbutse zakale. Afotokozereni adokotala poyera, pakuti uphungu umathandiza, ndipo alipo masiki ang'onoang'ono ongokhudza mphuno.

Mantha a masiki ndi timapaipi ta m'mphuno tikuwadziwa bwino m'zipatala zathu. Alipo amene amakaniza m'bale wawo okosijeni poganiza kuti ndiye amamaliza munthu, pamene zoona zake n'zakuti amaikidwa kwa odwala kwambiri, ena atafika kale mochedwa. Njira yomweyi ya CPAP ikupulumutsa makanda m'dziko muno. Mu 2012, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anayesa makina otchedwa Pumani, opangidwa mogwirizana ndi Rice University ya ku America. Mwa makanda ovutika kupuma amene anaikidwa pa makinawa, 71 pa 100 alionse anapulumuka, pamene mwa olandira okosijeni yekha anapulumuka 44. Kuchokera pamenepo makinawa anafalikira ku zipatala za m'maboma. Namwino akati mwana wanu aikidwe pa makina, vomerani, ndipo funsani chilichonse chimene simukumvetsa.

Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ngati munthu akuvuta kudzutsa, milomo yasintha mtundu, akumva kupweteka pachifuwa, kukamwa kwapotoka, kapena dzanja ndi mwendo zafooka mbali imodzi. Pa mafunso ena onani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena imbani Chipatala Cha Pa Foni.