PHUNZIRO LA MWEZI UNO: WOBAYA KATEMERA NAYENSO NDI MUNTHU

Mayi wochokera ku esiteti ya fodya m'dera la Mfumu Yaikulu Kaomba akafika ku sikelo ndi mwana kumsana, amayang'ana zinthu ziŵiri: jakisoni, ndi nkhope ya amene wagwira jakisoniyo. Nkhopeyo ikaonetsa chikayiko, mayiyo amabwerera nacho kumudzi, ndipo mwezi wamaŵa saonekanso. M'phunziro lino tiona maganizo amene amachititsa anamwino, madokotala, alangizi a zaumoyo ndi ophunzira zachipatala kulandira katemera iwo eni kapena kuzengereza, ndiponso mmene zimenezi zimakhudzira inu ndi ana anu.

Zimene zidachitika m'chaka cha 2021

Pa 5 Malichi 2021 dziko la Malaŵi lidalandira katemera wa Covid-19 wa AstraZeneca wokwana 360,000 kudzera m'ndondomeko ya COVAX. Boma lidaika ogwira ntchito m'zipatala patsogolo, pakuti ndiwo amakhudza odwala tsiku ndi tsiku. Pa 11 Malichi, Pulezidenti wa nthaŵi imeneyo, Dr. Lazarus Chakwera, adabayitsa ku Zomba anthu akuona. Ambiri a zachipatala adabayitsa msanga, koma ena adafuna kuyamba aona zimene ziti zichitikire anzawo. Mphekesera zakuti katemerayo amaletsa kubereka zidaloŵa m'midzi, ndipo sizidaleke kuloŵanso m'zipatala.

Kumapeto kwa mwezi womwewo kudafika katemera wina 102,000 wochokera ku African Union, amene mphamvu yake inkatha pa 13 Epulo. Masiku anali ochepa, ndipo anthu ankabwera mwa apo ndi apo. Pa 19 Meyi, katemera 19,610 wotha mphamvu adatenthedwa ku Lilongwe pamaso pa Nduna ya Zaumoyo ya nthaŵi imeneyo, Mayi Khumbize Kandodo Chiponda, pofuna kutsimikizira anthu kuti palibe adzabayidwe mankhwala akale. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Katemera naye amateteza akaloŵa m'thupi. Wotsala mu furiji sapulumutsa munthu.

Maganizo oyamba: "Ine sindingadwale"

Maganizo aŵa amapezeka kaŵirikaŵiri mwa achinyamata amene akuphunzira unamwino ndi udokotala. Ali ndi thupi lamphamvu, ndipo matenda amaŵaona ngati a anthu ogona pabedi okha. Koma wophunzira amene sanazoloŵere kugwira singano ndiye sachedwa kudzibaya nayo mwangozi. Singano yokhala ndi magazi a wodwala ingathe kupatsira hepatitis B, nthenda yotupitsa chiŵindi, ndipo kachirombo kake kamafala mwa njira imeneyi mosavuta kuposa ka HIV. Nthendayi ikakhazikika imaumitsa chiŵindi, mwinanso kuyambitsa khansa.

Katemera wa hepatitis B adaloŵa m'ndondomeko ya ana m'dziko muno m'chaka cha 2002. Motero ambiri amene adabadwa chisanafike chaka chimenecho sadaulandire ali makanda. Munthu wamkulu amafunika kubayidwa katatu kuti atetezeke bwino. Wobayitsa kamodzi n'kuiŵala kwinako chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito ali ngati mlimi wofesa nazale n'kuleka kuthirira.

Maganizo achiŵiri: mantha

Maphunziro sachotsa mantha onse. Namwino amakhala m'mudzi momwe tikhalamo, amapemphera nafe, ndipo mauthenga a pa WhatsApp amene amatifika amafikanso pa foni yake. Apongozi ake nawo amamufunsa ngati adzaberekenso akabayitsa. Mu 2021 kudamvekanso nkhani yochokera ku Ulaya yakuti anthu ena adaundana magazi atalandira katemera wa AstraZeneca. Nkhaniyo inali yoona, koma idachitikira anthu ochepa zedi mwa mamiliyoni amene adabayitsa. Zakuti katemera amaletsa kubereka zinali bodza.

Wazachipatala amene wasanthula nkhani zotere mpaka kusiyanitsa choona ndi bodza amalankhula mosabisa: mkono uŵaŵa, mwina thupi litentha tsiku limodzi kapena aŵiri, kenaka zitha. Koma amene mantha ake adaŵabisa mumtima amayankha mwachidule kapena mokalipa, ndipo wofunsayo amadziŵa kuti pali chimene sichidanenedwe.

Maganizo achitatu: "Uwu ndi udindo wanga"

Aŵa ndiwo maganizo amene adamanga ntchito ya katemera m'dziko lino. Alangizi a zaumoyo amene mumaŵaona panjinga lero adachokera kwa anthu oyenda m'midzi kutemera nthomba, ndi amene adalembedwa ntchito yolimbana ndi kolera m'zaka za m'ma 1970. Mu 1980 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti nthomba yatheratu pa dziko lonse. Agogo ambiri ku Kasungu akali ndi chipsera chake pamkono. Ndipo pamene boma lidalengeza mu Febuluwale 2022 kuti poliyo wapezeka mwa mwana ku Lilongwe, alangizi omweŵa adayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana mankhwala m'kamwa.

Wogwira ntchito wa maganizo otere amadziŵa kuti akadwala chikuku kapena Covid-19, angathe kupatsira khanda, mayi woyembekezera kapena nkhalamba imene yabwera kudzafuna chithandizo. Amabayitsa podziteteza, komanso poteteza inu.

Nanga inu muchite chiyani?

Funsani, pakuti safunsa adadya phula. Nenani mwaulemu kuti, "Anesi, katemera ameneyu amateteza ku nthenda yanji? Mwana akatentha thupi ndichite chiyani? Ndibwerenso liti?" Si chipongwe kufunsanso ngati ana awo adalandira.

Mukamva wazachipatala mmodzi akukayika, musamange mfundo pa mawu ake okha. Funsani wina kuchipatala cha boma ku Kasungu kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi.

Sungani buku la mwana pamalo ouma, ndipo mukasamukira ku esiteti ina mupite nalo. Nyengo yothyola ndi kusankha fodya isakuiŵalitseni tsiku la sikelo. Katemera wa chikuku amaperekedwa mwana akakwana miyezi 9, ndi kubwereza pa miyezi 15. Mu 2010 chikuku chidagwira anthu oposa 100,000 m'Malaŵi muno, ndipo pafupifupi 300 adamwalira.

Mafunso okambirana pa sikelo

1. Kodi ndi chifukwa chiyani wophunzira zachipatala ayenera kulandira katemera wa hepatitis B asanayambe kugwira odwala?
2. Ndi mphekesera ziti za katemera zimene mudamvapo m'mudzi mwanu, ndipo mudafunsa yani?
3. Mwana wanu watsala ndi katemera uti, ndipo tsiku lake ndi liti?