Mazenera a Kompyuta Akazimiririka

Funso: Akuluakulu, ndine mphunzitsi wa ku Matema, mu mzinda wa Tete. Magetsi anathima pamene kompyuta yanga ya Ubuntu inali kulandira mapulogalamu atsopano, ndipo tsopano ikayaka imangoonetsa mdima ndi kamzere kophethira. Kodi ndifafanize zonse ndi kuyambiranso?

Yankho: Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula, koma mtima wanu usavutike, ndipo musafafanize kanthu, chifukwa kawirikawiri pa vuto lotere zolemba zanu zonse zimakhala zili m'malo mwake, ndipo chimene chavulala ndi gawo lojambula mazenera lokha, kaya ndi Wayland wa masiku ano, kaya ndi X Window System yakale ija, imene inayambira ku MIT mu 1984.

Dinani Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi, mulembe dzina lanu ndi mawu achinsinsi, ndipo mulumikize kompyutayo ku intaneti, ngakhale kudzera pa foni ndi chingwe cha USB. Yambani ndi sudo dpkg --configure -a, lamulo limene limatsiriza ntchito imene inadukizidwa ija. Mukalilumpha chifukwa cha phuma, malamulo otsatira oika mapulogalamu amakana. Kenaka lembani sudo apt update, ndiponso sudo apt --fix-broken install, ndipo pambuyo pake sudo apt install --reinstall ubuntu-desktop gdm3 xserver-xorg-core, musanaiyatsenso ndi sudo reboot.

Ndikudandaulirani kuti apt ikafuna kuchotsa mapulogalamu ambiri, muwerenge mndandanda wonsewo musanavomere. Ikadandaula za malo, df -h adzakuonetsani ngati disiki yadzaza.