Musanatambasule Dzanja pa Thiransifoma

Inu amene mwangotuluka ku Soche kapena ku Lilongwe Technical College, mapepala ali m'manja, ndipo mwayamba kukwera mapolo, tcherani khutu. Thiransifoma imene mukuiona pamwamba pa pholo imalandira magetsi a mavolti 11,000, madera ena 33,000, n'kuwatsitsa kufika pa 400 ndi 230 amene amalowa m'zigayo ndi m'nyumba. Pa mavolti masauzande amenewa munthu amafa asanaugwire waya. Kungoyandikira mopitirira muyeso, moto umalumpha n'kumupeza pomwe ali.

Pa ntchito imeneyi munthu amapulumuka chifukwa chotsata ndondomeko. Kulimba mtima ndi changu sizithandiza.

Yambani ndi katundu amene thiransifoma yasenza. Mafyuzi atatu olendewera aja, pamodzi ndi isolator, sanapangidwe kuti azidula magetsi pamene akukokedwa. Chigayo chikamagaya, owotcherera zitsulo ali pa ntchito, mbaula zamagetsi zili zoyaka, inu n'kukoka fyuzi ya pamwamba, magetsi safuna kuleka njira yawo. Amatsata mpata umene mwatsegulawo ngati lawi loyera lothobwa m'maso, lotha kusungunula mkuwa, ndipo likalumphira pa waya woyandikana nalo pamaphulika. Choncho zimitsani kaye mbali ya pansi, ya 400 ija, pa breaker kapena pa mafyuzi a m'bokosi. Katundu akachoka, m'pamene mupite pamwamba. Poyatsa bwererani chammbuyo: pamwamba kaye, pansi pomaliza.

Link stick, ndodo yotsegulira ndi kutsekera mafyuzi, muziisamala kuposa foni yanu. Ikhale youma, yopukutidwa, yopanda mng'alu, chifukwa fumbi likasakanikirana ndi chinyezi limasanduka njira ya magetsi yofika m'manja mwanu. Magolovesi a labala muziwapinda kuchokera kukamwa kwake kuti adzaze mpweya, n'kuwayandikitsa ku tsaya. Mukamva kamphepo, atha ntchito, ngakhale bowolo likhale losaoneka ndi maso. Musaime mwachindunji pansi pa fyuzi. Potseka, kolani bwino, lunjikitsani, kenako kankhani kamodzi mwamphamvu nkhope mutatembenuza. Dzanja lonjenjemera, lotseka pang'onopang'ono, ndilo limaitana moto. Kukamachita ziphaliwali, tsikani, dikirani.

Tsono pali mawu amene ndimaopa kuwamva pakamwa pa wamagetsi: “Kuno azima kuyambira m'mawa.” Tinazolowera kuzimazima kwa magetsi mpaka tinayamba kuyesa mdima ngati chitetezo. Amene anazimitsa dera lonselo ali kutali, sakudziwa kuti muli pa pholo, ndipo akhoza kuyatsa nthawi iliyonse. Palinso china chimene ambiri amaiwala: thiransifoma imagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Mwini golosale akalumikiza jenereta ku mawaya a m'nyumba popanda swichi yosinthira, kapena wina akaika sola molakwika, mavolti 230 ake amabwerera m'mawaya, kulowa mu thiransifoma chakumunsi, n'kutulukira pamwamba ali masauzande. Mafyuzi onse atatu ali lende, inu mukuti zonse zili bwino, koma chitsulo chimene mukufuna kugwiracho chili ndi moto.

N'chifukwa chake waya umene simunauyeze nokha muziutenga kuti ndi wamoyo. Yesani tesita yanu pamalo podziwika kuti pali magetsi, yezani mawaya onse atatu, kenako yesaninso tesitayo kuti mutsimikize kuti sinafe pakati pa ntchito. Mukatero ikani ma earth mbali zonse ziwiri za pamene mukugwira ntchito, ndipo polumikiza muziyambira kunthaka, kumawaya pambuyo. Pa bokosi ikani loko wanu ndi chikwangwani, kiyi alowe m'thumba mwanu. Chikalata cha chilolezo cha ntchito chisainidwe musanakwere. A ku control akakupatsani malangizo pa foni, abwerezeni mokweza, nambala ya thiransifoma ndi dzina la laini, kuti ngati mwamva molakwa akukonzeni. Pamene simukumvetsa, funsani. Safunsa anadya phula.

Tap changer ndi kachinthu kooneka kofatsa: kachogwirira kakang'ono pa thanki, kawirikawiri ka manambala 1 mpaka 5, sitepe iliyonse yosintha mphamvu ndi 2.5 peresenti. Anthu akamadandaula kuti mababu akuwala mofooka, mtima umafuna kungokapotoza. Pa mathiransifoma ang'onoang'ono a m'madera mwathu, kachogwirira kameneka sikapotozedwa thiransifoma ili ndi magetsi, ngakhale katundu yense atachotsedwa. Zolumikizira zake zili m'kati mwa mafuta, ndipo moto ukabuka mmenemo mafuta amasanduka mpweya, thanki n'kung'ambika, mafuta oyaka n'kukhuthukira pa munthu amene waikumbatira. Zimitsani mbali zonse, yezani, ikani ma earth, ndiye potozani mpaka kakhazikike bwinobwino pa nambala yake, n'kukamanga. Kakaima pakati pa manambala awiri, mwatchera msampha wa amene adzayatse.

Fyuzi ikagwa yokha, yagwa pa chifukwa. Zungulirani kaye musanaike ina. Onani galasi la mafuta, onani ngati pansi padontha kanthu, ngati zikho za dothi zang'aluka, ngati thanki yatupa kapena ikununkha chopserera. Masiku ano akuba amakhetsa mafuta ndi kudula mkuwa wa earth usiku, ndipo thiransifoma yopanda mafuta mukaiyatsa ikhoza kukuphulikirani. Kumanga waya wamkuwa m'malo mwa fyuzi ya saizi yoyenera ndi kuchotsa mlonda pakhomo, musadzayerekeze.

Chokuyesani chachikulu chidzakhala anthu. Adzaunjikana pansi pa pholo, wina nyama ikuwonongeka mufiriji, wina mpira wayamba, wina akuti, “Achimwene, ingobayani tione.” Madandaulo awo ndi oona, ayankheni mwaulemu, koma asunthireni kutali ndipo musadumphe sitepe ngakhale imodzi. Ngakhale akulu anu pa ntchito atakufulumizitsani, muli ndi ufulu wonena kuti, “Bwana, sindinayeze.”

Ntchito ikatha, werengani zida, werengani ma earth amene munaika ndi amene mwachotsa, itanani anzanu aliyense ndi dzina lake mpaka muwaone onse ali pansi. Kenako bwezani chikalata, uzani a ku control kuti laini ili bwino, ndipo muyatse pokhapokha iwo atakuuzani.