VENICE, MZINDA WOIMA PA MADZI

Ife amene tawerenga sewero la Shakespeare lija la munthu wamalonda wa ku Venice tilidziwa bwino dzina la mzinda umenewu, ndipo ena mwa ife ayesa kuti ndi mudzi wa m'nthano chabe. Iai, mzindawu ulipo ndithu, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Italy, kumene nyanja ya Adriatic ithera. Ine ndinali ndi mwai wokhalako masiku anai pamodzi ndi amalume anga, ndipo ndifuna kukusimbirani, inu anzanga ndi inu aphunzitsi athu, malo amene mlendo ayenera kuona akafika kumeneko.

Tisanayambe kuyenda tiyenera kumvetsa pamene mzindawu unakhazikika. Venice ali pa tizisumbu 118 m'kati mwa thawale lalikulu la madzi amchere osazama. Anthu oyamba anathawirako kuchokera kumtunda chifukwa cha nkhondo, makamaka pamene Attila anaononga midzi ya kumeneko m'chaka cha 452, ndiponso pamene mtundu wa a Lombard unalowa m'Italy m'chaka cha 568. Pa tizisumbuto panalibe thanthwe, koma matope okhaokha. Tsono iwo anadula mitengo kumtunda naikhomera m'matopemo mothithikana, pamwamba pake nayala matabwa, ndi pamwamba pa matabwa miyala yoyera ya ku Istria imene madzi amchere saidya msanga. Wina adzafunsa kuti, nanga mitengoyo ilekeranji kuola? Yankho tiri nalo kale m'phunziro la Sayansi. Tizilombo tooletsa mtengo tifuna mpweya, ndipo m'matope omata mulibe mpweya. Paja nsichi ya nkhokwe iola pamene pakomana dothi ndi mphepo, koma mbali yokwiririka kwambiri ikhalitsa. Chomwecho nyumba zolemera za miyala zaima pa nkhalango yobisika zaka mazana ambiri.

Galimoto siziyenda m'mzindamo. Sitima ya pamtunda ioloka thawale pa mlatho wa makilomita pafupifupi 4 umene unatsegulidwa mu 1846, niima pa siteshoni ya Santa Lucia. Munthu akangotuluka pakhomo, madzi ndi awa. Mabasi a kumeneko ndiwo maboti a injini ochedwa vaporetto, ndipo onyamula odwala, ozimitsa moto ndi otaya zinyalala onse ayenda pa madzi. Uphungu wanga ndi wakuti mukwere vaporetto ya nambala 1, imene iyenda pang'onopang'ono m'ngalande yaikulu ya Canal Grande yokhota ngati njoka, ndipo mudzaona nyumba za anthu olemera akale mbali zonse ziwiri, makomo ake atayang'ana kumadzi. Gondola, bwato lakuda lija tiliona m'zithunzi, ndi lalitali mamita 11, ndipo apalasa munthu mmodzi ataimirira kumbuyo ndi nkhafi imodzi yokha. Analisema mbali imodzi yotambalala kuposa inzake kuti lisamangozungulira. Mtengo wake ndi woopsa. Mwana wa sukulu angooloka ngalande pa gondola ya anthu onse yochedwa traghetto, ndipo akhala kuti wakwera. Mutsike pa mlatho wa Rialto, umene unatha kumangidwa mu 1591, wokhala ndi timasitolo pamwamba pake. Apa ndipo amalonda ankakomana, monga tiwerenga m'sewero lathu, ndipo m'mawa msika wa nsomba ukadalipo pafupi.

Malo oposa onse ndiwo bwalo la San Marco ndi chalichi chake. Mbiri ya chalichichi iyambira kuno ku Africa. M'chaka cha 828 amalonda awiri a ku Venice anatenga mafupa amene akhulupirira kuti ndi a Marko Woyera, mlembi wa Uthenga Wabwino, mumzinda wa Alexandria ku Egypt. Anthu asimba kuti anawabisa mu dengu pansi pa nyama ya nkhumba kuti alonda a padoko, amene anali Asilamu, asafune kufufuzamo, ndipo chithunzi cha nkhaniyi chiri pakhomo pena pa chalichi. Chalichi chimene chiripo lero anachiyamba mu 1063. Chiri ndi madenga asanu ozungulira ngati miphika yovundikira, ndipo m'kati mwake makoma ndi madenga akutidwa ndi zithunzi za m'Baibulo zopangidwa ndi tizidutswa ta galasi ndi golide, tating'ono ngati chikhadabo. Amisiri sanatiike mosalala, koma kalikonse kopendekera kwake, kuti kuwala kukagwapo khoma lonse lizinyezimira ngati madzi. Ine ndinayang'ana kumwamba mpaka khosi linawawa.

Pamwamba pa khomo lalikulu pali akavalo anai a mkuwa. Amene aoneka panjawo ndi ongofanizira. Enieni anawalowetsa m'kati kuwateteza ku mphepo yoipa, ndipo muyenera kukwera makwerero kukawaona. Akavalowa sanapangidwe ku Venice. Analandidwa ku Constantinople mu 1204, pamene ankhondo Achikhristu amene anati apita kukamenyera Dziko Loyera anapatuka nafunkha mzinda wa Akhristu anzao, motsogozedwa ndi Enrico Dandolo, mtsogoleri wa Venice, nkhalamba yosaona. Napoleon nayenso anawatengera ku Paris mu 1797, ndipo anabwezedwa mu 1815, osati kwa eni ake oyamba koma kwa amene anayamba kuba. Kunena zoona, chuma chambiri cha m'chalichichi chinabwera mwa njira yotere, ndipo mlendo woyamika kukongola kwake ayenera kudziwanso zimenezi. Komabe mu 1968 Papa Paulo VI anapereka kachidutswa ka mafupa a Marko Woyera kwa Akhristu a mpingo wa Coptic ku Cairo.

Pabwalo pomwepo pali nsanja ya mabelu yaitali mamita 98. Pamwamba pake mpamene Galileo anaonetsa akuluakulu a mzinda galasi lake loonera zakutali mu 1609. Nsanjayi inagwa yokha pa 14 July 1902 osapha munthu, ndipo anaimanganso monga inaliri, naitsegula mu 1912.

Pambali pa chalichi pali nyumba ya Doge, amene anali mtsogoleri wa dziko la Venice. Okonda phunziro la Mbiri asathamange muno. Doge sanali kulowa ufumu wa atate wake. Ankasankhidwa ndi mabanja a akuluakulu, ndipo iwo anam'manga ndi malamulo ambiri kuti asadzikuze. M'chipinda chachikulu cha msonkhano muli zithunzi za a Doge motsatana, koma pa malo amodzi anajambulapo nsalu yakuda. Amenewo ndi malo a Marino Faliero, amene anayesa kulanda mphamvu zonse, ndipo anam'dula mutu mu 1355. M'makoma mulinso nkhope zosema zokhala ndi kamwa yoboola, m'mene munthu ankaponya kalata yoneneza mnzake. Mlatho wochuka wopita kundende, umene auchula Ponte dei Sospiri, ndi waung'ono ndithu, ndipo ine sindinaone chifukwa chimene anthu apanikizirana kuujambula.

Malo amene alendo ambiri awalambalala, koma ife owerenga za Shylock tiyenera kufikako, ndiwo Ghetto. Mu 1516 boma la Venice linalamula kuti Ayuda onse azikhala pa kachisumbu kamodzi, ndipo usiku zipata zinkatsekedwa ndi kulondedwa. Popeza malo anali ochepa, anamanga nyumba zao chokwera m'mwamba, zipinda zofupika zosanjikizana, ndipo mpaka lero ndizo zina mwa nyumba zazitali za mzindawo. Zipatazo zinachotsedwa mu 1797. Liu lakuti ghetto, limene anyamata alichula masiku ano m'nyimbo, linachokera pa kachisumbu kameneka. Nditaima pamenepo ndinayamba kuwamva mwa mtundu wina mau owawa a Shylock.

Chalichi choyera cha Santa Maria della Salute, pa mathero a Canal Grande, anachimanga pothokoza kuti mliri wa 1630 watha, umene unapha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse. Ku Murano kuli ng'anjo za magalasi, zimene anazisamutsirako mu 1291 poopa moto. Ku Burano kuli nyumba za asodzi zopakidwa utoto wowala, iliyonse mtundu wake.

Tsono madzi omwe anateteza Venice kwa adani ndiwo ali kumuopsa lero. Nyanja yamchere ikwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo mphepo ya kum'mwera ikakankha madzi kulowa m'thawale nthawi ya kukwera, mzinda usefukira. Eni ake ati acqua alta, ndiko kuti madzi okwera. Malipenga alira kuchenjeza anthu, anchito ayala matabwa oyendapo, ndipo aliyense avala jombo. Pa 4 November 1966 madzi anakwera masentimita 194, ndipo pa 12 November 2019 anafika 187 nalowa m'chalichi cha San Marco, pakuti bwalo lake ndilo malo otsika koposa. Mchere ukalowa m'njerwa uuma ndi kuzifumbutsa. Vutoli lakula chifukwa nthaka inatsika pamene mafakitale a ku Marghera ankapopa madzi a pansi, ndiponso chifukwa nyanja za dziko lonse ziri kukwera. Boma linamanga zitseko 78 zachitsulo, zochedwa MOSE, pa makomo atatu a thawale. Zigona pansi pa madzi, ndipo akazipopera mpweya zidzuka ndi kutsekereza nyanja. Zinateteza mzinda koyamba pa 3 October 2020. Koma sizingatsekedwe masiku onse, pakuti kulowa ndi kutuluka kwa madzi ndiko kumatsuka ngalande.

Vuto lina ndi ife alendo. Nyumba zambiri zasanduka zogona alendo, lendi yakwera, ndipo eni mzinda ali kusamukira kumtunda. Mu 1951 m'mzinda wakalewo munali anthu pafupifupi 175,000. Mu 2022 anatsika osakwananso 50,000. Mu 2021 boma linaletsa zombo zazikulu kupyola pafupi ndi San Marco, ndipo mu 2024 linayamba kulipiritsa ma euro 5 kwa alendo a tsiku limodzi pa masiku ena odzaza anthu.

Mukakhala ndi tsiku lotsala, pitirirani Burano pang'ono mukafike ku Torcello. Chisumbuchi chinali ndi anthu zikwi zambiri Venice asanakule, ndipo chalichi chake chinayambidwa mu 639. Pambuyo pake ngalande zake zinadzala matope, udzudzu unaswana, ndipo malungo anapitikitsa anthu; ngakhale miyala ya nyumba zao anainyamula kukamangira ku Venice. Chalichicho chikadaima pakati pa minda ndi mabango, ndi zithunzi zake za golide m'kati, koma anthu okhala pa chisumbupo lero sakwana 20.