PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MZATI NDI MAPASO

Nyumba yozungulira ya makolo athu inali ndi mzati pakati, ndipo mapaso onse anatsamira pa mzatiwo. Phaso lingakhale loongoka bwanji, likapanda kufika pa mzati, denga lidzapendekeka ndi mvula yoyamba. Phunziro lathu la mwezi uno liri la zinthu ziwiri zimene zifanana ndi mzati ndi mapaso m'moyo wa munthu. Mzati ndiwo cinthu cimene mtima uciyesa ca mtengo wapatali koposa zonse, monga kuti ana asagone ndi njala, kapena kuti dzina la munthu lisamveke ndi bodza, kapena kuti makolo asungidwe pa ukalamba wao. Mapaso ndiwo zolinga zimene munthu adziikira, ndi kuti, Caka cino ndidzacita cakuti, pofika mwezi wakuti ndidzakhala nditatsiriza cakuti.

Ambiri a ife zolinga tiri nazo, koma ziri zobwereka. Mnzathu wabwera ku Joni ndi njinga yamoto, nafenso tiyamba kufuna ndarama za ulendo. Wa tsidya lija wafolera malata, ndipo udzu wathu, umene dzulo unali wabwino, lero utinyansa. Malata sali oipa ai, ngakhale ulendo. Coipa ndi ici, kuti sitinadzifunse ngati zinthuzi zifika pa mzati wathu. Taonani munthu amene anena, ndipo anena zoona, kuti cacikuru kwa iye ndi ana ace. M'mwezi wa Meyi agulitsa cimanga ca m'nkhokwe pa mtengo wotsika kuti agule foni yonga ya mlamu wace. Pofika Januwale alikugula cimanga comweco pa mtengo wokwera, nasiya munda wace m'thengo kukagwira ganyu m'munda wa eni. Colinga anacipeza, pakuti foni ali nayo m'thumba. Koma ana aja alikudya kamodzi pa tsiku.

Kuti cinthu ici cimveke bwino, tiyeni tione mbiri ya mnyamata wa dziko lathu lomwe lino, amene ambiri a inu munamva dzina lace. William Kamkwamba anabadwa m'caka ca 1987, nakulira m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, m'boma la Kasungu. Atate wace anali mlimi wa cimanga ndi fodya. M'zaka za 2001 ndi 2002 kunagwa njala yaikuru, imene akuru a msinkhu wathu saiiwala. Anthu anadya gaga, ena anafa m'njira, ndipo m'mwezi wa Febuluwale 2002 Boma linalengeza kuti dziko liri pa tsoka. A m'nyumba ya Kamkwamba anadya kamodzi pa tsiku. William anali atayamba sukulu ya sekondale ku Kachokolo, koma ndarama za sukulu, monga madola 80 pa caka, sizinapezeke, ndipo analeka. Anali wa zaka 14.

Apa ndi pamene tifuna kuti muyang'anitsitse. Colinga ca mnyamatayo, ca kutsiriza sukulu, cinathyoka. Akadakhala kuti anafuna sukulu cifukwa ca yunifolomu, kapena cifukwa anzace onse analikupita, nkhani ikadathera pomwepo. Akadakhala pa sitolo kusewera bawo pamodzi ndi ena. Koma cimene iye anakonda ndico kudziwa mayendedwe a zinthu, pakuti kuyambira ubwana wace ankamasula mawailesi kuti aone za m'kati mwace. Ndipo njala inamuonjezera cina, ndico cifuniro cakuti a kwao asadzaonenso masiku otere. Zinthu ziwirizi sizinafune fizi. Cotero pamene khomo la kalasi linatsekeka, iye anapita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, nabwereka mabuku a sayansi. Cingerezi sanacidziwe bwino, ndipo anatsata zithunzi ndi mizere yace kufikira anamva tanthauzo.

M'menemo anapeza buku lochedwa Using Energy, la cithunzi ca makina a mphepo pa cikuto cace, nawerenga kuti makina otere apanga magetsi, natunganso madzi. Mabuku ena anali ndi zodabwitsa zambiri, koma ici cokha cinamgwira mtima. Cifukwa ninji? Cifukwa madzi ndiwo kuthirira, kuthirira ndiko kukolola kawiri pa caka, ndipo wokolola kawiri saopa Januwale. Phaso ili linafika pa mzati. Munthu wodziwa cimene mtima wace ufuna savutika posankha. Koma wosadziwa afanana ndi pusi uja wa mwambi, amene anati ici cakoma, ici cakoma, nagwa cagada.

Tsono onani nzeru ya kayesedwe kace. Sanayambe ndi kutunga madzi, pakuti mpope ndi citsime cakuya zinali zosatheka kwa mwana wopanda tambala. Anayamba ndi kamakina kakang'ono koyesera, kamene kanaliza wailesi. Ataona kuti nzeruyo iri yoona, anayamba kutola zitsulo zotayidwa: copemerera mphepo ca thirakitala, mapaipi a pulasitiki amene anawaotha pa moto nawaphwatalitsa kuti akhale mapiko, njinga yakufa ya atate wace, ndi dainamo ya nyali ya njinga, imene bwenzi lace, mwana wa mfumu, anamgulira. Nsanja anaimanga ndi mitengo ya bulugamu, kutalika kwace monga mamita 5. M'caka ca 2002 mapiko anazungulira, babu linayaka. Pambuyo pace anafikitsa magetsi m'nyumba, okwanira mababu 4 ndi wailesi. Madzi aja, amene anali ciyambi ca maganizo onse, anafika patapita zaka zisanu kapena kuposa, pamene abwenzi anamthandiza kukumba citsime ndi kuika mpope woyendera mphamvu ya dzuwa. Colinga cacikuru anacidula zidutswa zoti manja ace angathe kunyamula, koma cidutswa ciri conse cinaloza komwe kuja.

Pa nthawi yonse ya kutola zitsulo anthu anamseka, namuyesa wamisala. Ena anati asuta camba. Ife tiyesa kuti kuseka kwa anthu ndiko lichero limene lipeta zolinga. Colinga cobwereka cikhala ndi moyo cifukwa ca maso a anthu, ndipo maso omwewo akacinyoza, cifa tsiku lomwelo. Munthu amene anagula suti kuti amtame, akamseka aibvula. Koma amene alikumbukira alongo ace ogona ndi njala angathe kupirira mnyozo wa pa msika, pakuti sanayambe nchitoyo cifukwa ca a pa msika. Walira mvula walira matope.

Zotsatira zace nzodziwika, ndipo tidzazichula mwacidule. M'caka ca 2006 nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye. Mu 2007 anaitanidwa kukalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Anabwerera ku sukulu, naphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, natsiriza ku Dartmouth College ku Amereka m'caka ca 2014. Buku la mbiri yace linaturuka mu 2009, ndi kanema wace mu 2019. Koma ticenjeze pano. Kuchuka sikunali colinga cace, ndipo sitilonjeza kuti yense wotsata mtima wace adzakwera ndege. Alipo ambiri m'midzi mwathu amene anaimika mapaso ao pa mzati woona, ndipo mphotho yao ndiyo nkhokwe yosatha msanga ndi ana ophunzira, popanda nyuzipepala kuwachula. Ndiponso wina akamva mbiri iyi nathamanga kukamanga makina a mphepo cifukwa William anamanga, ameneyo walakwa phunziro lonse, pakuti wabwerekanso colinga ca mwini.

Nanga munthu adziwa bwanji mzati wace? Pakamwa sipathandiza kwambiri, pakuti tonse tidziwa kuchula zinthu zokoma pamaso pa anthu. Mboni zoona ndizo ndarama ndi masiku. Kumbukirani ndarama za fodya kapena za mtedza za caka catha, kumene zinapita. Kumbukiraninso masiku a mwezi wa Okutobala, pamene anzanu analikusosa ndi kugalauza, kumene inu munali. Funsaninso kuti, Ndi cinthu citi cimene cikatayika ndidzalira, ngakhale palibe munthu wondiona? Pamene yankho la funso ili lisiyana ndi umboni wa ndarama zija, pamenepo ndi pamene denga lapendekeka, ndipo colinga coyamba ciyenera kuikidwa pomwepo.

Nthawi zina zinthu ziwiri zabwino zilimbana mumtima umodzi. Mnyamata afuna kusamala amai ace okalamba, afunanso maphunziro amene ali kutali. Pano sitingathe kumsankhira, ndipo ticita mantha ndi aphungu amene ayankha msanga. Koma asayese kugwira zonse ziwiri ndi theka la mtima, pakuti mapanga awiri abvumbwitsa. Akhale pansi ndi amaiwo, ndi amalume, ndi abale ace, anene poyera cimene atsogoza ndi cimene aciika pambuyo, ndi zaka zingati, ndi amene adzatunga madzi ndi kulima munda iye kulibe. Colinga cimene cikhudza nyumba yonse sicipangidwa ndi munthu mmodzi usiku pamphasa.

Ndipo colinga cikhale ndi muyeso ndi tsiku lace. Mau akuti, Ndifuna ana anga asamve njala, ndiwo mzati. Koma mzati wokha sufolera nyumba. Atate ndi amai a m'nyumba awerenge matumba amene banja lao lidya kufikira kukolola kwina, nawaike pa okha, napangane kuti awa sagulitsidwa, ngakhale abwere wa sikelo ndi mau okoma. Otsalawo ndiwo a fizi, a feteleza, ndi a malata ngati alipo. Akasowa otsala, malata alinde caka cina, ndipo m'cilimwe cino akumbe dimba.